Pulani ya Pakhomo Pano Anajambula ndi Mvula, Amphaka ndi Nkhunda

Anzanga amene anatsalira m'tauni atapuma pa ntchito amaganiza kuti ife obwerera kumudzi timangokhala pa ndalema, wailesi pakhutu, n'kumawerenga masiku. Ena amachita kundimvera chisoni pa foni: "Achimwene, ndiye kumeneko dzuwa limalowa bwanji?" Limalowa msanga kwambiri, ntchito isanathe. Pakhomo pano pali amphaka atatu, khola la nkhunda za mpikisano, ndi nyumba imene yakhala ikumangidwa kuyambira pamene ndinasiya ntchito ya ku positi ofesi. Ndikayang'anitsitsa, palibe khoma, zenera kapena mzati umene unaima pamene ulipo chifukwa choti ine ndinafuna. Chilichonse chinaikidwa pomvera mvula ya ku Mulanje, pomvera chiswe, kapena poopa mphaka wina wake amene mtima wake uli pa nkhunda zanga.

Malo amene tikukhalapo ndi a kwawo kwa mayi a kunyumba, mbali ya ku Likhubula, kumene thanthwe la Chambe limafiira dzuwa likapendeka. Kunena mosabisa, ndine mkamwini wa imvi. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda ndi mbumba, ndipo amene anatilozera malire ndi alamu anga, eni mbumba, amfumu ali pomwepo. Anzanga a kuntchito, makamaka ochokera kumpoto kumene mkazi ndiye amatsatira mwamuna, anandichenjeza kuti munthu wanzeru sathira penshoni pa dothi la apongozi. Ndinawamva. Koma ana anga kwawo ndi kuno, ndipo nyumbayi ndi ya iwowo ndi mayi awo. Chimene anzangawo sankadziwa n'chakuti chovuta ku Mulanje si apongozi ayi, koma kuchepa kwa malo. Tiyi anayamba kubzalidwa kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo nthaka yabwino yambiri ya m'munsi mwa phiri ili m'maesiteti. Ku Thyolo nkhani ndi yomweyo. Anthu tinathithikana m'timalo totsala. Ndiye za ng'ombe iwalani. Mbuzi zimakudanitsani ndi oyandikana nawo tsiku lomwe zadya nandolo wa eni. Munthu wa kamalo kochepa chiweto chake ndi chouluka, chifukwa kumwambako kulibe malire a munda wa wina.

Ndalama zopumira zimabwera kamodzi, ndipo zimabwera ndi abale. Zikangolowa ku banki, mutu umajambula nyumba ya zipinda zisanu, galaja, ndi mpanda wa njerwa wa geti yachitsulo. Yendani pamsewu wa Midima kapena wodzera ku Thyolo, muone nyumba zimene zinaima pa lintala, pabalaza pakumera udzu ndi zitsamba. Zina mwa izo eni ake ndikuwadziwa, ndi anzanga opuma. Munthu amawerengera simenti pa mtengo wa lero ngati kuti mtengowo udzamudikira. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene zinawapeza makoma ali opanda denga anagwira m'mutu. Ife tinayamba ndi zipinda ziwiri zogona, pabalaza ndi sitolo, n'kufolera, n'kulowamo penti isanapakidwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Khitchini, bafa la m'nyumba ndi chipinda cha alendo zakhala zikubwera chimodzichimodzi, thumba likalola.

Amisiri amene amandimangira ndi bambo wa m'mudzi woyandikana nafe, wosakonda zolankhulalankhula, amene ntchito anaiphunzira pomanga nyumba za m'maesiteti. Nditawaonetsa pepala limene mwana wanga anajambulitsa ku Blantyre, analiyang'ana nthawi yaitali, analitembenuza, kenako anati, "Madala, nyumbayi ndi yokongola, koma ndi ya ku Lilongwe. Kuno mvula sigwa chotsika, imagwa cham'mbali." Pepala lija linathera pomwepo. Faundeshoni anaikweza kufika m'mawondo pamwamba pa nthaka, anayala pepala lakuda la pulasitiki asanayambe khoma kuti chinyontho chisakwere, ndipo malata anawatulutsa kunja kwa khoma kuposa mmene maso a m'tauni amakondera. Mbali ya kum'mwera chakum'mawa anaikako khonde lalitali. Denga analimanga ndi waya wokhuthala kuchokera mkati mwa khoma, osangodalira misomali.

Amene sanakhaleko kuno amadziwa mvula ya dzinja yokha. Ifetu tili ndi ina, ya chiperoni, imene imabwera miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kuchokera ku Mozambique. Si mvula yamphamvu, ndi kamvula kowaza kosakanikirana ndi nkhungu, koma kakayamba kamatha masiku phiri osaoneka. Tiyi amakondwa nako, n'chifukwa chake minda ya kuno imakhala yobiriwira pamene kwina kuli gwa. Koma walira mvula walira matope: zovala siziuma, nsapato zimachita chuku pansi pa bedi, ufa umagwirana. Mankhwala ake si penti yodula. Ndi mazenera oyang'anizana kuti mphepo idutse, ndi kusiya mpata pakati pa kabati ndi khoma.

Pa njerwa tinakangana pang'ono ndi alamu, amene amafuna tiumbe zadothi tiotche uvuni monga amachitira aliyense. Ine ndimayang'ana mapiri mmene ametedwera. Uvuni umodzi umadya mitengo ikuluikulu, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi zamalonda. Lamulolo silinali kunena za kanyumba kanga, koma nzeru yake ndinagwirizana nayo. Tinabwereka chikombole n'kumaumba mabuloko a simenti pabwalo pano. Chinsinsi cha buloko si simenti yambiri, ndi madzi: liume pamthunzi, lizithiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo simenti imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Anyamata ogwira ganyu amafuna aumbe lero amange mkuja. Ntchito yothirira ndinaitenga ndekha, ndipo mpaka pano sindinaipereke kwa wina.

Matabwa nawo ali ndi nkhani yake. Usiku wina kunabwera anyamata awiri atasenza matabwa a mkungudza, onunkhira bwino, akuti chiswe sichiwayandikira n'komwe. Zimenezo n'zoona, ndipo n'chimene chaupha mtengowu. Mkungudza wa ku Mulanje mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha pa dziko lonse, ndi mtengo wa fuko lathu, koma ikuluikulu inatha ndi macheka, moti a zankhalango ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust akuchita kubzala ina. Ndinawabweza anyamatawo. Mapaso anga ndi a bulugamu wokhwima, wopakidwa oilo wakuda wa galimoto, ndipo chaka ndi chaka ndimakwera ndi tochi kukaona ngati chiswe chamanga njira.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiyesa tonse. Za anthu amene anapita ndi madzi ndi matope kuno, ku Phalombe ndi ku Blantyre sindilembapo pano; si nkhani yoikidwa pakati pa amphaka ndi nkhunda. Ndingonena za makoma. Nyumba zambiri za zidina zimene zinagwa m'mudzi muno sizinayambire kudenga, zinayambira pansi: madzi anaima m'mbali mwa khoma, dothi linafewa, khoma n'kukhala pansi. Mvula itatha, ntchito yoyamba imene tinagwira inali ngalande ya miyala yozungulira nyumba yonse, yotsetsereka kuloza kudimba. Siioneka bwino pa chithunzi, koma pa zonse zimene ndamanga ndi imene ndimagona nayo tulo.

Amphaka anabwera chifukwa cha sitolo. Titangoikamo matumba a chimanga, makoswe anamva uthenga. Oyandikana nawo anati tigule temiki pamsika, koma mayi anakanitsitsa: pakhomo pali nkhuku, pamabwera zidzukulu zokwawa, ndipo khoswe wofa ndi poizoni amaphanso chilichonse chomudya. Anabwera ndi kamphaka kotuwa kuchokera kwa anzawo a mvano, ndipo chifukwa cha mtundu wake tinakatcha Chiperoni. Wachiwiri ndi Nyakwawa, wamphongo, wakuda bii, wamkulu mutu, amene ntchito yake ndi kugona pakhonde n'kumaweruza odutsa. Wachitatu, Bonya, ndi wamng'ono pa onse, woonda ngakhale adye bwanji, ndipo ndiye mlenje weniweni. Makoswe anatha. Tsopano amabweretsa mbewa, abuluzi, tsiku lina kanjoka, n'kuziika pakhomo la chipinda chathu.

Kumudzi kuno anthu amati mphaka osamudyetsa, akakhuta sagwira makoswe. Ine ndaona zosiyana. Mphaka wanjala ndiye amavundukula mphika wa ndiwo n'kumayendayenda m'makomo a eni mpaka atalandira mwala. Wokhuta amakhala pakhomo ndipo amasakabe, chifukwa kusaka ndi chibadwa chake, si njala. Koma chakudya chake chikhale chanyama. Nsima yokha simukwanira mphaka. Ine ndimasakaniza kansima ndi bonya kapena usipa wopanda mchere, ndi zamkati za nkhuku tikapha. Mkaka umene anthu amaganiza kuti ndi chakudya cha mphaka umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Anyezi samuyenera. Ndipo ichi chokha muchisunge ngakhale zina zonse muiwale: mphaka akadwala musamupatse Panado. Chiwindi chake sichitha kulimbana naye, kambulu kamodzi kakhoza kumupha. Katemera wa chiwewe ndiye wosaphonya. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la agalu, ine ndimapita ndi chitete cha amphaka, anthu akuseka pamzere.

Anasekanso kwambiri tsiku limene ndinakweza Chiperoni ndi Bonya minibasi kupita nawo kwa dokotala wa ziweto ku Blantyre kukawatseketsa. Kondakitala anafunsa ngati alipire mpando. Koma werengani nokha: mphaka wamkazi akhoza kutenga bere asanakwane miyezi 6, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo amabereka kangapo pa chaka. Ana onsewo mupita nawo kuti? Njira imene anthu amatsata, yowaika m'thumba n'kukawataya kumtsinje kapena m'munda wa tiyi, ine sindingaithe.

Pali nkhani ina imene sitiinena mokweza. Nkhalamba yosunga amphaka atatu, mmodzi wakuda, pamudzi pamayenda manong'onong'o. Mphaka ndi kadzidzi kuno ali ndi mbiri yoipa. Sindinapite kwa amfumu kapena kukalalikira aliyense. Ndinangoona kuti amayi ena amene ankakoka ana awo akaona Nyakwawa ndi omwewo amene anadzabwera nthawi yokolola kudzafunsa ngati angabwereke "kakang'ono kaja" kwa sabata imodzi, makoswe atawaboolera matumba. Mphaka sabwerekedwa, amabwerera usiku womwewo. Koma kuyambira pamenepo moni anasintha.

Tsopano nkhunda, zimene ndi matenda anga enieni.

Nkhunda za pamudzi tonse tikuzidziwa: kakhola ka nsungwi pamwamba pa mizati, zimadzidyetsa zokha, mlendo akabwera mumatapamo maunda awiri. Za mpikisano ndi mtundu womwewo wa mbalame, koma zinasankhidwa mibadwomibadwo chifukwa cha chinthu chimodzi, kubwerera kwawo msanga kuchokera kutali. Mukaigwira m'manja mumamva kusiyana: chifuwa cholimba, nthenga zoterera, mapiko amphamvu. Masewerawa mmene alili lero anakulira ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Ine monga munthu wa ku positi ndinakopeka nditamva kuti mu 1850 Paul Julius Reuter, amene dzina lake lili pa kampani yotchuka ya nkhani ija ya Reuters, ankatumiza mitengo ya malonda pakati pa Brussels ndi Aachen pogwiritsa ntchito nkhunda, chifukwa waya wa telegalafu unali usanalumikize mizinda iwiriyo. Ndinagwira ntchito ya makalata moyo wanga wonse osadziwa kuti anzanga a ntchito ena anali ndi mapiko.

Kunja masewerawa ali ndi ndalama zoopsa. Mu Novembala 2020 nkhunda yaikazi ya ku Belgium yotchedwa New Kim inagulidwa pa mtengo wa mayuro 1.6 miliyoni ndi munthu wa ku China. Nditawauza mayi, anayang'ana khola langa, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Nanga zanuzi, bambo, zingagule matumba angati a simenti?" Sindinayankhe.

Zanga zoyamba ndinazipeza kwa mkulu wina wa ku Limbe amene mbewu yake inachokera ku South Africa, kumene masewerawa ndi aakulu. Iye ndiye anandiphunzitsa lamulo loyamba: nkhunda yaikulu sigulidwa kuti iuluke, chifukwa tsiku limene mudzaitsekulire idzabwerera kwa mwini wake wakale. Mumagula maunda amene angosiya kudyetsedwa, a sabata zinayi kapena kuposerapo pang'ono, asanaulukepo. Malo amene adzayambe kuona ali padenga la khola ndiwo adzakhale kwawo mpaka kufa. Akuluakulu mukawagula ndi oti aziswa basi, ali otsekeredwa.

Kuswana kwake ndimatha kukuonerera tsiku lonse. Yaikazi imaikira mazira awiri okha, lachiwiri patapita pafupifupi masiku awiri. Zimakhalira mosinthana, yaimuna masana, yaikazi kuyambira madzulo mpaka m'mawa, ndipo pakatha masiku 18 kapena kuyandikira apo amaswa. Masiku oyamba makolo onse awiri, yaimuna yomwe, amatulutsa chakudya choyera chonga mkaka kuchokera m'kathumba ka pakhosi n'kumadyetsa anawo. Bunda likafika pafupifupi sabata imodzi mumaliveka mphete ya nambala kumwendo. Mukachedwa phazi limakula, mphete silowanso. Mayi amakonda kuitana azibambo obwera kudzacheza kuti adzaone yaimuna itakhalira mazira. Sanena kanthu, amangowalozera.

Khola ndilo linasokoneza pulani yonse ya pakhomo. Poyamba khitchini inayenera kumangidwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene pali khola. Amisiri atayamba kukhoma zikhomo, tinaona Bonya atakhala pa mulu wa mabuloko akuyeza ndi maso mtunda wochokera pamene padzakhale denga la khitchini kufika pa thabwa lotera nkhunda. Mphaka wathanzi kudumpha mamita 1.5 chokwera si nkhani, ndipo chotsika kuchokera padenga amafika patali kuposa apo. Khitchini inasamukira mbali ina, ndipo mayi mpaka lero amakumbutsa kuti amayenda mtunda wautali ndi mbale chifukwa cha mbalame. Nthambi ya mango imene inaweramira khola inadulidwa. Mpanda wa kudimba unakhota. Lamulo linakhala lakuti pasakhale chokwerapo chilichonse pa mamita 3 kuzungulira khola.

Kholalo laima pa mapaipi achitsulo, ndipo paipi iliyonse ili ndi lata losalala lopindidwa mozondoka kuti chokwera chibwerere pomwepo, kaya ndi mphaka, khoswe kapena likongwe. Waya wake ndi wa sefa ya timaso ting'onoting'ono. Waya wa nkhuku uja khoswe ndi njoka zimadutsa. Layang'ana kumpoto, chifukwa miyezi yozizira dzuwa limadzera kumeneko ndipo chiperoni chimamenya kumbuyo kumene kuli matabwa okhaokha. Nkhunda imapirira kuzizira koma chinyontho ndi mdani wake, ndiye pansi ndi pa timatabwa totalikirana kuti zitosi zigwe, ndipo zitosizo ndi manyowa amene mpiru wa mayi umayamika. Polowera pali tiwaya tolendewera timene timakankhika kulowa mkati kokha: mbalame ikalowa singatulukenso. Khola limeneli linatenga nthawi yaitali kulingalira kuposa chipinda chathu chogona.

Ngakhale zili choncho, mphaka ndi mphaka. Sindikhulupirira nkhani zoti amazolowerana. Nyakwawa akhoza kugona nkhunda zikudya pafupi ndi mchira wake, koma umenewo ndi ulesi, si chipangano. Ndiye pakhomo pano pali ndondomeko: m'mawa amphaka amalandira chakudya chawo m'sitolo, chitseko n'kutsekedwa, kenako nkhunda zimatsekulidwa zisanadye. Zimazungulira mudzi, nthawi zina zimasowa kuloza ku minda ya tiyi, ndipo ndikagwedeza chitini cha chimanga ndi kuimba likhweru zimatsika n'kulowa. Zikalowa zonse, amphaka amatuluka. Nkhunda yozolowera kukhala padenga itakhuta ndiyo imagwidwa, komanso pa mpikisano imakuluzitsani, chifukwa nthawi imawerengedwa ikalowa m'khola, osati ikafika pamudzi.

Chakudya chake chonse chimapezeka pamsika wa Chitakale kapena m'munda: chimanga, nandolo, khobwe, mapira, mpendadzuwa pang'ono, ndi mtedza wongonyengerera. Pambali ndimaika njerwa yoswa, makoko a mazira okazinga ndi kamchere, chifukwa mbalame ilibe mano, imapera chakudya ndi timiyala. Madzi asinthidwe tsiku lililonse ndipo akhale akuya ndithu, poti nkhunda simwa ngati nkhuku yoweramutsa mutu. Imamiza mlomo n'kumayamwa. Matenda ambiri amadzera m'madzi omwewo, makamaka aja a zinthu zachikasu kukhosi. Kulinso ena a mtundu wa chitopa amene amapotoza khosi. Mbalame yachilendo, kaya ndagula kaya yangosochera, imakhala payokha kaye isanasakanikirane ndi zinzake.

Kuphunzitsa kumafuna mtima wa kuona maso a nkhono. Ana akazolowera kuzungulira pakhomo, mdzukulu wanga wamkulu amawatenga m'chitete pa njinga kukawatsekulira pafupi, pamene denga lathu likuoneka. Kenako pa Chitakale. Kenako pa kabaza mpaka Chonde, kenako Luchenza, Thyolo, Bvumbwe, mpaka Limbe. Mumawonjezera mtunda pokhapokha zikamafika zonse pamodzi mosazengereza. Akatswiri amati nkhunda imagwiritsa ntchito dzuwa, mphamvu ya maginito a dziko, fungo la mphepo, ndi zizindikiro zimene inaziona kale. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anaonetsa mu 2004 kuti pa njira imene zaizolowera, nkhunda zimatsata misewu ikuluikulu mpaka kukhota pamphambano. Zathu kuno zili ndi chizindikiro choti sizingachiphonye: kukakhala kowala, phiri limaoneka kuchokera kutali kwambiri.

Koma phiri lomwelo ndilo vuto lathu lalikulu. Sapitwa, nsonga yake yapamwamba, ndi wotalika mamita 3,002, ndipo nkhunda sikonda kukwera pamwamba pa chinthu chotere ngati pali njira yolambalala. Tikazitsekulira kumadzulo, ku Thyolo kapena ku Limbe, njira ndi yoongoka. Tikazitsekulira kuseri, mbali ya Chiringa kapena ku Muloza, zimayenera kuzungulira, ndipo zimafika mochedwa, imodziimodzi, zotopa. M'matanthwe mumakhala mphamba, amene amatsika kuchokera kumwamba n'kumenya nkhunda ili m'malere. Kabawi amene amayi amamukuwiza uja ndi wa anapiye, nkhunda youluka saiyesa. Mphamba ndiye chigawenga. Pena mbalame imafika nthenga za kumchira zitazuka, pena pachifuwa pali bala loti musoke ndi ulusi. Pena sifika. Ndipo tsiku la nkhungu sititsekula n'komwe, ngakhale mnyamata atafika kale ku Bvumbwe. Amabwera nazo m'chitete momwemo, ndalama ya thiransipoti itapita.

Mpikisano wathu ndi wa anthu ochepa: ine, mphunzitsi wina wopuma wa cha ku Luchenza, ndi mnyamata wokonza njinga zamoto pa Chitakale amene amatitcha tonse "agogo" koma amatigonjetsa kawirikawiri. Tilibe mawotchi apadera kapena mphete zamagetsi zimene amagwiritsa ntchito kunja. Wotsekulira amatifulasha nthawi imene watsekula, ndipo aliyense mbalame yake ikalowa amajambula nambala ya mphete n'kutumiza pa WhatsApp, nthawi imaoneka yokha. Popeza makola athu satalikirana mofanana ndi potsekulira, woyamba kufika sindiye wopambana. Timatenga mtunda woongoka pa mapu a pafoni, kuugawa ndi mphindi zimene mbalame yauluka, n'kupeza mamita pa mphindi. Masamuwo amachita ndi aphunzitsi, ife awiri tikuwayang'anitsitsa. Nkhunda yabwino imathamanga makilomita 60 mpaka 80 pa ola ngati mphepo siikulimbana nayo. Kuchokera ku Limbe imafika ola lisanakwane, mdzukulu amene anaitsekulira akadali pa siteji kudikira kuti minibasi idzaze. Wopambana amalandira mayunitsi, pena nkhuku.

Anthu a kuno ali ndi chikhulupiriro chakuti nkhunda sizikhala pakhomo la ndewu, zimasamuka. Sindilimbana nacho, chifukwa chimandithandiza. Mawu akayamba kukwera m'nyumba, mmodzi wa ife amangoti, "Tsitsani mawu, nkhunda zikumva," nkhani n'kuthera m'kuseka. Chimene chimandivuta ndi alamu. Iwo nkhunda ndi ndiwo basi, ndipo akabwera amaima pansi pa khola n'kumaloza yonenepa. Tinagwirizana chonchi: za mphete zimene zimafika bwino sizikhudzidwa, koma khola likadzaza, zaulesi ndi zokonda kutera pamadenga a eni zimadutsa kukhitchini. Woweta aliyense woona mtima amachita zimenezi, chifukwa khola lothithikana ndi chiyambi cha matenda. Munthu akadwala m'mudzi, msuzi wa bunda umachokera pano, ndipo zimenezi zandigulira mtendere woposa umene ndikanaupeza ndi mpanda wa njerwa.

Ntchito imene ili pamphuno pano ndi thanki ya madzi a mvula. Mipopi ya m'mudzi muno imatenga madzi kuphiri popanda injini, amangotsetsereka okha, koma mvula yamphamvu ikagwa mapaipi amakokoloka kapena kutsekeka ndi mchenga, ndipo mu Okutobala madzi amachepa. N'zomvetsa manyazi kusowa madzi m'boma limene madera ake ena amalandira mvula yofika mamilimita 2,000 pa chaka. Masamu ake ndi ophweka: milimita 1 ya mvula pa sikweya mita 1 ya denga ndi lita 1. Denga la masikweya mita 80, pa mvula imodzi ya mamilimita 25, limataya malita 2,000 pansi. Madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi za padenga ayenera kupatutsidwa, ndipo kwa ine woweta mbalame zimenezi si zongonena. Paipi yake ikhala ndi potayira pake, thanki ikhala yovundikira chifukwa cha udzudzu.

Amisiri amafuna thanki yapulasitiki pamwamba pa nsanja kuti madzi azifika m'bafa okha. Malo okhawo oyenera nsanja yotero ali mkati mwa mamita 3 aja. Tayeza ndi tepi mbali zonse, tasuntha zikhomo, sizikutheka. Ndiye tagwirizana kuti ikhala ya mabuloko, yapansi, kumapeto kwa khonde la kum'mwera, ndipo madzi a m'bafa tizitunga ndi ndowa mpaka tidzapeze kapampu ka sola. Mayi avomera pokhapokha pampopi pake pamangidwe posambitsira mbale. Mabuloko akuuma pansi pa mango, ndipo amisiri abwera Lolemba kudzayamba kukumba.